Chida cha block pa tool palette ya AutoCAD chikakana kugwira ntchito

Madandaulo ake ndi amodzimodzi, kaya mu ofesi ya anthu atatu mumzinda wa Tete, kaya kwa wojambula mapulani wodziimira payekha ku Moatize kapena ku Ulongwe. Munthu wathera Loweruka lonse akusanja zitseko, mawindo, masinki ndi zimbudzi pa palette, kazenera ka AutoCAD kosungirapo zida zongodina, kuti asamazisakenso m'mapulani akale. Sabata isanathe wadina chitseko, AutoCAD yati fayilo sikupezeka. Kapena chitseko chabwera ndithu, koma chophimba nyumba yonse ndi mpanda womwe.

Ambiri mwa mavutowa amachokera pa mfundo imodzi imene anthu sauzidwa pophunzira. Kachithunzi kamene mukukaona pa palette si block. Block, imene ndi mizere yomangidwa pamodzi kukhala chinthu chimodzi monga chitseko, imakhala m'fayilo ya DWG (fayilo ya chojambula cha AutoCAD) kwinakwake pa disiki. Chidacho chimangosunga dzina la block, njira yopitira ku fayiloyo, ndi malangizo ochepa a kaikidwe kake monga sikelo ndi layer (gulu la mizere m'chojambula limene lili ndi mtundu wake ndipo lingayatsidwe kapena kuzimitsidwa). Chili ngati chikwangwani cha m'mbali mwa msewu cholozera kuchigayo: mwini chigayo akasamuka, chikwangwani chimatsala chilili, chikulozera pabwalo.

Ngati AutoCAD yanu ndi ya Chipwitikizi, malamulo amene ndalemba pano ayambeni ndi kamzere kapansi, mwachitsanzo _CUSTOMIZE kapena _ADCENTER, ndipo agwira ntchito. Mayina onga INSUNITS ndi ATTREQ sasintha m'chinenero chilichonse.

## Musanakhudze kalikonse

Tsekani AutoCAD n'kukopera foda yonse ya ToolPalette pamalo ena. Kuti mudziwe kumene ili, lembani OPTIONS, lowani pa Files, muyang'ane mzere wa Tool Palettes File Locations. Pa AutoCAD 2024 ya Chingerezi imakhala mu AppData\Roaming\Autodesk\AutoCAD 2024\R24.3\enu\Support\ToolPalette, ndipo ya Chipwitikizi imakhala ndi ptb pamene pali enu. Windows imabisa foda ya AppData, choncho lembani %appdata% pamwamba pa File Explorer kuti mufikemo. Mkatimo mupeza mafayilo othera ndi .atc komanso tizithunzi ta zida zanu. Mukalakwitsa pokonza, mubwezera foda imeneyi.

## Uthenga wati fayilo ya block sikupezeka

Ili ndiye vuto lofala kuposa onse. Dinani chidacho ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Properties, muwerenge mzere wa Source File. Kenako tsatani njirayo mu File Explorer, foda ndi foda. Pamene njira yadukira ndi pamene pagona vuto.

Zoyambitsa, kuyambira yofala kwambiri:

1. Block inakokedwa kuchokera m'pulani ya kasitomala. Munali kujambula nyumba ya T3, ya zipinda zogona zitatu, chitseko chinakusangalatsani, n'kuchikokera pa palette. Pulaniyo itasinthidwa dzina kuchoka pa rev2 kupita pa final, kapena itasamutsidwira ku foda ya ntchito zomalizidwa, chida chinatsala opanda polozera.
2. Fayilo ili pa fulashi kapena pa disiki yakunja. Lero Windows yaipatsa chilembo E, mawa mwayamba kulowetsa foni kapena fulashi ina, disiki ija yakhala F.
3. Fayilo ili pa kompyuta ya mnzanu kapena pa seva. Ikazimitsidwa, kapena chingwe cha netiweki chikasololoka, zida zonse zimaferatu nthawi imodzi. Komanso foda imene kwa inu ndi Z mwina kwa mnzanu ndi Y.
4. Njira ikudutsa pa dzina la munthu, monga C:\Users\dzina\Desktop. Pa kompyuta ina dzinalo kulibe. OneDrive nayo ikayatsidwa imatha kusamutsa Desktop ndi Documents kulowa m'foda yake.
5. Fayilo ilipo koma block mulibe. Wina anaisintha dzina, kapena anayendetsa PURGE, lamulo lochotsa zosagwiritsidwa ntchito, m'fayiloyo n'kuchotsa ma block onse amene sanaikidwe poonekera.
6. Fayilo inasungidwa ndi AutoCAD yatsopano kuposa yanu. Kuyambira AutoCAD 2018 mafayilo amasungidwa mu mtundu wa DWG 2018, umene AutoCAD 2017 ndi zam'mbuyo sizingauwerenge.

Kukonza kwa msanga ndi kulozera Source File kumene fayilo ili tsopano. Ngati zida zambiri zikuchokera m'fayilo imodzi, zisankheni zonse mutagwira Ctrl, mutsegule Properties kamodzi, musinthe njirayo kamodzi. Zikakhala mazana, tsekani AutoCAD, tsegulani fayilo ya .atc mu Notepad, ndipo ndi Replace musinthe njira yakale kukhala yatsopano. Musakhudze zizindikiro zina m'fayiloyo. Chimodzi chikasowa palette yonse imakana kutseguka.

Koma kukonza kokhalitsa ndi kwina. Pangani mafayilo a ma block okhaokha, amene palibe amajambuliramo ntchito: ina ya zitseko ndi mawindo, ina ya kubafa ndi kukhitchini, ina ya zamagetsi. Aikeni m'foda ya dzina lalifupi, monga C:\CAD\Blocks, ndipo dzinalo likhale lofanana pa makompyuta onse a mu ofesi. M'fayilo iliyonse, block iliyonse iikidwe kamodzi poonekera kuti PURGE isaidye. Ngati ena mu ofesi akadali ndi AutoCAD yakale, sungani mafayilowa ndi SAVEAS mu mtundu wa 2013.

Kwa ofesi yaing'ono ine ndimakonda kuti aliyense akhale ndi kope yake pa C, munthu mmodzi n'kumagawa zosintha. Wojambula amene mawa anyamula laputopu kupita ku Furancungo kapena ku Songo kukaonetsa pulani sangadalire seva imene yatsala mu ofesi. Ngati mwasankhabe seva, lembani njira yonse yoyamba ndi \\ ndi dzina la kompyutayo, osati chilembo.

## Block ikukana kukokedwa kupita pa palette

- Simunasunge chojambula. AutoCAD singapange chida cholozera ku block imene sinalembedwe pa disiki. Dinani Ctrl+S, yesaninso.
- Mukugwira kabokosi kabuluu. Sankhani block, kenako ikani mausi pamzere wake, osati pakabokosi, gwirani batani pang'ono musanayambe kukoka.
- PICKFIRST ili pa 0. Iikeni pa 1.
- Palette ili ndi kaloko pakona. Foda yake ndi yowerenga chabe. Onani gawo la zida zosowa m'munsimu.

Kukoka imodziimodzi n'kotopetsa. Tsegulani DesignCenter ndi Ctrl+2, pezani fayilo ya ma block anu, idineni ndi batani lakumanja, musankhe Create Tool Palette. Ma block onse a m'fayiloyo alowa pa palette yatsopano, ndipo njira yawo ikhala yolondola kuyambira pachiyambi.

## Block yabwera yaikulu kwambiri kapena yaing'ono kwambiri

Kuno kwathu vutoli lili ndi muzu wake. Ambiri amene anaphunzira kujambula m'Mozambique muno amajambula m'mamita, chitseko n'kukhala 0.90. Amene anaphunzira ku Malawi anazolowera mamilimita, chitseko chomwecho n'kukhala 900. Ku Angónia ndi ku Tsangano, kumene malire ali pafupi, si zachilendo kupeza onse awiri mu ofesi imodzi akubwerekana mafayilo. Onjezanipo ma block otengedwa pa intaneti, ena ojambulidwa m'mainchi, ena m'masentimita.

AutoCAD imatha kusintha miyeso yokha bwinobwino, bola iuzidwe zoona. Imayerekeza muyeso wolembedwa mu block ndi INSUNITS, nambala yonena muyeso wa chojambula chimene mukuikamo. Manambala ake ndi awa: 0 palibe muyeso, 1 mainchi, 4 mamilimita, 5 masentimita, 6 mamita. Block ya mamilimita ikalowa m'chojambula cha mamita chimene INSUNITS yake ndi 6, chitseko cha 900 chimasanduka 0.90 popanda inu kuchitapo kanthu. Zimasokonekera pamene nambalayo ikunama.

Yezani block ndi DIST, mugawe ndi kukula kumene mumayembekezera. Yankho likuuzani wolakwa:

1. Yakula ka 1000. Mukujambula m'mamita koma INSUNITS ikunena 4. Izi zimachitika kwambiri chifukwa acadiso.dwt, fayilo yoyambirapo chojambula chatsopano, imayamba ndi mamilimita, munthu n'kungoyamba kujambula m'mamita osasintha. Ikani INSUNITS pa 6, fufutani block, muiikenso.
2. Yachepa ka 25.4, chitseko cha 900 chabwera pafupifupi 35. Chojambula chinayambira pa acad.dwt, imene ndi ya mainchi. Ikani INSUNITS pa 4.
3. Yakula ka 25.4. Block inajambulidwa m'mamilimita koma inalembedwa kuti ndi ya mainchi. Pamenepa cholakwika chili m'fayilo ya ma block. Itseguleni, lowani mu BEDIT, mokonzera zamkati mwa block, ndipo pa Properties, osasankha chinthu chilichonse, konzani mzere wa Units.
4. Yakula kapena kuchepa ka 10 kapena ka 100. Pali masentimita penapake.
5. Yakula ka 50 kapena ka 100 m'mapulani ena okha. Onani mzere wa Auxiliary Scale pa Properties ya chida. Ikakhala pa Dimscale kapena Plot scale, block imatsata sikelo ya chojambulacho. Zimenezo n'zoyenera muvi wa kumpoto kapena chizindikiro cha levulo. Chitseko, bedi ndi sinki zikhale pa None.

Block kapena chojambula chikakhala pa 0, AutoCAD imatenga muyeso kuchokera ku INSUNITSDEFSOURCE ndi INSUNITSDEFTARGET, zimene zimasungidwa pa kompyuta iliyonse payokha. N'chifukwa chake chida chimodzi chimatha kugwira bwino kwa inu n'kulakwika kwa mnzanu wa tebulo loyandikana.

Kusintha INSUNITS sikukulitsa kapena kuchepetsa zimene mwajambula kale. Kumangosintha chizindikiro. Ndipo chonde musathawire ku mzere wa Scale pa chida n'kulembapo 0.001 kuti zioneke bwino lero. Tsiku limene mudzatsegule chojambula chokonzedwa bwino, chitsekocho chidzachepetsedwa ka 1000 maulendo awiri n'kusanduka kadontho. Mukafunikadi kulemba nambala yotere, gwiritsani ntchito kadontho. Tinazolowera kulemba 0,90 ndi chizindikiro cha koma (,) monga amachitira m'Chipwitikizi, koma kwa AutoCAD chizindikirochi chimalekanitsa X ndi Y.

## Mwakonza block koma yakale ndiyo ikubwerabe

Mwasintha chitseko m'fayilo ya ma block, mwasunga, mwadina chida, chabwera chakale. Pulogalamu sinaonongeke. Lamulo lake n'lakuti ngati m'chojambula muli kale block ya dzina limenelo, imagwiritsa ntchito imeneyo, osapita n'komwe ku fayilo ija.

1. Block yakale ili m'chojambulacho. Dinani chida ndi batani lakumanja, sankhani Redefine. Dziwani kuti ma block onse a dzinalo m'chojambulacho asintha, ngakhale a m'zipinda zimene simukuziona pa sikirini.
2. Dzina lawombana ndi la munthu wina. Mayina onga Porta, Janela, WC kapena 1 ali m'pulani ya aliyense. Mukamata pulani ya injiniya kapena ya mnzanu m'chojambula chanu, Porta yake imalowa, ndipo chida chanu chimayamba kuika yakeyo. Pamenepa Redefine ingaononge ntchito yake. Sinthani dzina la block yakeyo ndi RENAME, ndipo anu muwapatse mayina otalikirapo okhala ndi zilembo za ofesi yanu kumayambiriro.
3. Block ili mkati mwa block ina. Bafa lathunthu likakhala block imodzi yokhala ndi sinki monga block yamkati, Redefine ya bafa sisintha sinki imene ili kale m'chojambula. Sinkiyo ikonzedwe payokha.
4. Munakonza kope ina. Pali mafayilo awiri a dzina limodzi, wina pa C wina pa fulashi, ndipo chida chikulozera kumene simunakonze.

Ngati block ikubwera yatsopano koma kachithunzi ka pa palette n'kakale, sankhani Update Tool Image pa batani lakumanja lomwelo. Basi.

## Mwadina koma palibe chikuoneka, kapena block yagwera kutali

1. Pogwirira block pali kutali ndi block yeniyeniyo. Lembani ZOOM kenako E. Pulani yanu ikasanduka kadontho pakona, block yagwera kutali. Zimachitika kwambiri ndi ma block odulidwa m'mapulani a oyeza malo. Chigawo cha Tete chili mu UTM 36S, dera la manambala amene oyeza malo amagwiritsa ntchito, ndipo mumzinda wa Tete nambala ya kumpoto imapitirira mamita 8,000,000. Block ikapangidwa m'pulani yotere pogwirira pake n'kusiyidwa pa 0,0, imakhala pamtunda wa makilomita zikwizikwi kuchokera pa mausi anu. Itseguleni mu BEDIT m'fayilo ya ma block, sunthani mizere yake kuti ngodya imene mukufuna kugwirira ikhale pa 0,0, sungani, kenako Redefine.
2. Layer yazimitsidwa kapena ili pa freeze. Onani ya chida komanso ya mizere ya mkati mwa block.
3. Yachepa kwambiri moti sikuoneka. Bwererani ku gawo la miyeso.
4. Block ndi annotative, kutanthauza kuti imaoneka pa masikelo okhawo amene inapatsidwa, ndipo ilibe sikelo imene mukugwiritsa ntchito pano. Ikani ANNOALLVISIBLE pa 1. Ikaonekera, ionjezereni sikeloyo.
5. Uthenga wati block references itself. Munakokera fayilo yathunthu pa palette, ndipo mkati mwake muli block ya dzina lofanana ndi la fayiloyo. Sinthani dzina la chimodzi.

Ikaoneka pa sikirini koma osatuluka papepala, mizere yake ili pa Defpoints kapena pa layer yoletsedwa kusindikizidwa.

## Mtundu kapena kukhuthala kwa mizere sikukumvera chida

Mwauza chida kuti chiike block pa layer ya zitseko, block yapitadi kumeneko, koma mtundu sunasinthe. Yang'anani mkati mwa block. Mizere ikajambulidwa pa layer 0 ndi mtundu wa ByLayer, imatenga maonekedwe a layer imene block yaikidwapo. Ikakhala ByBlock, imatenga mtundu umene mwapatsa block kapena chida. Koma ikapatsidwa mtundu wakewake, kapena ikakhala pa layer ina, palibe chimene chida chingachite. Ma block a pa intaneti ambiri ali choncho, ndipo amabwera ndi ma layer awo achilendo amene amadzaza mndandanda wanu. Lowani mu BEDIT, sankhani zonse, ziikeni pa 0 ndi ByLayer, block isanalowe m'fayilo yanu ya ma block.

Layer imene mwatchula pa chida ikakhala kuti mulibe m'chojambula, AutoCAD imaipanga yokha. Choncho chilembo chimodzi cholakwika pa dzina chimabala layer yatsopano m'pulani iliyonse imene mwagwiritsa ntchito chidacho.

## Mawu a mu block sakufunsidwa, kapena timivi tosinthira tasowa

Pa ma block okhala ndi attribute, mawu amene mumalemba poika block, monga nambala ya chitseko kapena dzina la chipinda:

- Sikufunsani kalikonse: ATTREQ ili pa 0, iikeni pa 1. ATTDIA ikakhala pa 1 mafunso amabwera m'kabokosi, ikakhala pa 0 amabwera pamzere wa malamulo pansi.
- Pakuoneka dzina la attribute m'malo mwa zimene mwalemba: mzere wa Explode pa chida uli pa Yes. Uikeni pa No.
- Mwaonjezera attribute yatsopano koma ma block akale alibe ngakhale mwachita Redefine: yendetsani ATTSYNC. Koma imabwezera mawu onse pamalo ake oyamba, ndiye ngati munawasuntha ndi dzanja, mudzawasunthanso.

Pa dynamic block, block yokhala ndi timivi tosinthira kukula kapena maonekedwe ake, timivi timasowa block ikakhala mkati mwa block ina, zimene zimachitika mukakokera fayilo yathunthu pa palette m'malo motenga block ya m'katimo. Pangani chidacho kudzera mu DesignCenter. Timasowanso block ikakulitsidwa mosiyana mbali ya X ndi ya Y.

Pali phindu lina apa limene ambiri amalidutsa. Pa Properties ya chida cha dynamic block pali gawo la Custom. Koperani chida chimodzi katatu, china muchiike pa 700, china pa 800, china pa 900, n'kuzipatsa mayina. Zida zitatu, block imodzi yoisamalira. Mukadzasintha mayina a miyeso mkati mwa block, zidazo mudzazipangenso.

## Zida zimene munapanga dzulo zasowa

1. AutoCAD sinatsekedwe bwino. Zosintha za pa palette zimalembedwa pa disiki pulogalamu ikamatsekedwa. Ctrl+S imasunga chojambula chokha, ndipo kusunga kwa pakapita mphindi 10 zilizonse nakonso sikukhudza palette. Magetsi akathima, ndipo amathima ndithu ngakhale Cahora Bassa ili m'chigawo chathu chomwe chino, ntchito yonse ya pa palette imapita. Chimodzimodzi laputopu ikadzizimitsa ndi kutentha kwa mu October. Mukamaliza kupanga zida khumi, tsekani AutoCAD, muitsegulenso, mupitirize.
2. Munatsegula AutoCAD kawiri. Imene yatsekedwa pomaliza ndiyo imalemba zake pamwamba pa zinazo. Popanga zida, itseguke imodzi yokha.
3. Mukuona gulu lina la ma palette. Dinani mutu wa palette ndi batani lakumanja, musankhe All Palettes.
4. Mwalowa ndi profile ina (mndandanda wa zokonza zanu za mu AutoCAD), kapena ndi dzina lina pa Windows. Malo a ma palette amatsata profile. Onani mu OPTIONS.
5. Foda ndi yowerenga chabe. Mu ofesi yogawana ma palette pa seva, zimenezi n'zabwino: mmodzi yekha akhale ndi chilolezo cholemba. Anthu asanu akamalemba m'foda imodzi, amafufutirana ntchito tsiku lililonse.
6. Wina anayendetsa Reset Settings to Default pofuna kukonza vuto lina. Apa ndi pamene kope ija ya foda ya ToolPalette imapulumutsa.

Ngati zenera lonse la palette ndilo lasowa, dinani Ctrl+3. Likapanda kubwera, yesani Ctrl+0, mwina Clean Screen yayatsidwa. Ngati dzulo munalumikiza sikirini yachiwiri kapena pulojekita, zeneralo latsalira kumeneko. Ilumikizeninso n'kulikokera kuno, kapena sankhani workspace ina n'kubwerera.

## Mwapatsa mnzanu palette koma kwa iye sikugwira

Lembani CUSTOMIZE, dinani palette ndi batani lakumanja, Export. Mupeza fayilo ya .xtp, ndipo pambali pake foda ya tizithunzi. Anthu amatumiza .xtp yokha pa WhatsApp n'kudabwa kuti kwa mnzawo palibe chikugwira. Zoyenera kupita limodzi ndi izi:

- fayilo ya .xtp
- foda ya tizithunzi, ikhale pambali pa .xtp polowetsa
- mafayilo a DWG okhala ndi ma block, aikidwe pa njira yofanana ndendende ndi yanu
- fayilo ya .xpg ngati mukufuna kuti magulu a ma palette apitenso. Ma palette alowe kaye, gulu pambuyo

Palette yopangidwa mu AutoCAD yatsopano musayembekezere kuti igwira mu yakale. Ndipo chida choitana LISP, timapulogalamu toonjezera mu AutoCAD, sichigwira mu AutoCAD LT (AutoCAD yochepetsedwa) yakale, popeza LT inayamba kulandira LISP mu LT 2024.

## Ngati mukugwiritsa ntchito AutoCAD Architecture

Ma block wamba amatsata zonse zili pamwambazi, koma pali zina zoonjezera. Zida zimagawidwa kudzera mu Content Browser, imene imatseguka ndi Ctrl+4. Chida chochokera kumeneko chikakhala cholumikizidwa ku catalog, mizere ya Properties yake imakhala yotuwa, yosasinthika. Chikonzedwe mu catalog momwemo ndi amene amaisamalira. Ma palette a polojekiti amasintha mukasintha polojekiti, ndiye kusowa kwawo sikutanthauza kuti afufutidwa.

Multi-view block imasunga ma block angapo, ina yoonekera pamwamba, ina kutsogolo, ina mu 3D. Ikaoneka mu 3D koma osaoneka pa pulani, ndiye kuti mbali imeneyo sinapatsidwe block, kapena display configuration imene muli nayo siikuionetsa. Konzani mu Style Manager m'fayilo yochokerako. Mukamatumiza pulani kwa injiniya wa AutoCAD wamba, gwiritsani ntchito EXPORTTOAUTOCAD pa kope ya fayilo kuti zinthuzo zisanduke mizere ndi ma block amene iye angawaone.

## Pamene muyenera kuima n'kuitana katswiri

Itanani wokonza makompyuta ngati:

- Mafayilo a DWG angapo akukana kutseguka ngakhale ndi RECOVER, kapena disiki ikulira modabwitsa. Zimitsani kompyutayo. Kupitiriza kulembapo kumachepetsa mwayi wopulumutsa mafayilo.
- Mafoda a pa fulashi asanduka ma shortcut, kapena mukupeza acaddoc.lsp kapena acad.lsp imene simunaipange m'foda iliyonse ya mapulani. Imeneyo ndi vairasi, ndipo imayenda ndi mafoda amene mumapatsana. Musaike SECURELOAD pa 0 pofuna kuthetsa machenjezo.
- Vuto lili pa zilolezo za seva, kapena wina wakuuzani kuti musinthe registry ya Windows.
- AutoCAD ikutsekeka yokha nthawi iliyonse mukatsegula palette, ngakhale mwabwezera foda ija.

Funsani mwini pulani kapena mkulu wa ofesi musanachite Redefine, ATTSYNC kapena -DWGUNITS pa pulani imene yasainidwa kale, kapena imene yaperekedwa ku khonsolo popempha chilolezo chomangira. Malamulo atatuwa amasintha zinthu zambiri nthawi imodzi, ndipo nambala za zitseko zikasuntha kapena miyeso ikasintha, pepala limene amisiri ali nalo pamalo omangira limasiyana ndi fayilo yanu.

Block ya mzati, ya maziko kapena ya zitsulo za mu konkire imene mwaipeza pa intaneti kapena m'pulani ya nyumba ina musaiike pa palette ngati chinthu chongodina. Kukula kwa mzati ndi kuchuluka kwa zitsulo zimatengera kulemera kwa nyumbayo ndi dothi la pamalopo, ndipo dothi la m'mbali mwa Zambezi si la kumapiri a Angónia. Zimenezo aziwerengera injiniya wolembetsedwa ku Ordem dos Engenheiros de Moçambique, pa nyumba iliyonse payokha.